Mmene mungalembere mbiri ya agogo a geni, kuyambira pa siwa mpaka tsiku la chiliza

Mbiri ya malemu imene imawerengedwa pa maliro a amayi achikulire imamveka ngati inalembedwa ndi munthu mmodzi dziko lonse. Anabadwa chaka chakuti m'mudzi wakuti, anakwatiwa ndi bambo uje, Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu ndi atatu, atatu anatsogola, asiya zidzukulu zakuti, anayamba kudwala mwezi wakuti, atisiya Lachiwiri m'bandakucha. Wowerenga n'kupinda pepala. Chonsecho amene agona m'bokosimo ndi mayi amene anaphunzitsa ana onsewo ndi ndalama ya nyemba ndi kaunjika, amene anasunga bokosi la banki m'khonde zaka ndi zaka osasowetsa ngakhale tambala, amene amfumu ankawatumizira mthenga pakavuta nkhani ya mjigo kapena ya mtsikana wosiyira sukulu panjira. Amayi a pamsika amene abwera atadzaza lole amabwerera kwawo atangomva mawu atatu okhudza ntchito ya mnzawo: "anali mayi wolimbikira".

Achibale sachita dala. Mbiri imalembedwa usiku, mitu itaima, ndipo wolembayo kawirikawiri ndi mdzukulu wophunzira amene wangotsika basi, amene malemu amawadziwa ngati agogo ophika thobwa pa holide. Ngati ntchitoyi yagwera inu, dziwani kuti mbiri ndi ziwiri. Pali yaifupi ya tsiku loika maliro, ndiye pali yaitali imene mumaisonkhanitsa pang'onopang'ono kuti idzawerengedwe pa chiliza kapena pa chikumbutso. Yachiwiriyi ndiyo imafuna miyendo.

Usiku wa pa siwa: lembani yaifupi

Musanagwire cholembera, pitani kwa eni maliro. Kumene anthu amatsata mbumba, monga kwa Achewa, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, mawu omaliza ali ndi mwinimbumba, amene nthawi zambiri ndi mlongo wa malemu kapena malume awo ngati akadalipo. Kumene kuli malowolo, monga kwa Atumbuka, Asena ndi Angoni a ku Mzimba, a kuchimuna ndiwo ali patsogolo. Apempheni akupatseni akuluakulu awiri oti mukhale nawo pansi, wina wa mbali iyi, wina wa mbali inayo. Mukalemba nokha pa foni kuseri kwa nyumba, m'mawa mudzapeza wina walembanso yake, ndipo kukanganako kudzachitika anthu akuona.

Yambani ndi mayina, onse. Amayi ambiri a msinkhu umenewu dzina lawo lobadwa nalo linakwiririka kalekale. Kunyumba ndi agogo, kwa anansi ndi amake a uje, kutchalitchi amaitanidwa ndi dzina la amuna awo, kumudzi ndi mfunda, kaya aNaphiri, aNabanda kapena aNambewe, ndipo pamsika ali ndi dzina lina lochokera ku katundu amene ankagulitsa. Lembani onsewo, la pamsikalo musalichitire manyazi.

Chaka chobadwa chimavuta. Chimene chili pa chiphaso cha unzika musachikhulupirire msanga, chifukwa pa kalembera wa 2017 okalamba ambiri ankangoyerekeza. Khadi la ubatizo kapena buku la ku parishi limathandiza. Zikasowa, funsani anzawo a msinkhu umodzi pogwiritsa ntchito zinthu zodziwika. Ngati akuti anali pamsana nthawi ya njala ya 1949, mwayandikira. Ngati anali atangotha msinkhu pamene Kamuzu ankatsika ndege pa Chileka mu 1958, anabadwa kumayambiriro kapena pakati pa zaka za m'ma 1940. Ngati mwana wawo woyamba anabadwa ndalama zikusintha kuchoka ku mapaundi kupita ku kwacha, chimenecho ndi chaka cha 1971. Mukalephera kupeza chaka chenicheni, lembani kuti "cha m'ma 1944". Palibe cholakwika pamenepo.

Kenako kuwerenga ana ndi zidzukulu, pamene mabanja ambiri amapsetsana mitima. Musafunse kuti "zidzukulu zilipo zingati?" chifukwa aliyense atchula nambala yake. Lembani dzina la mwana aliyense, amoyo ndi otsogola, pansi pake ana ake, pansi pa iwowo zidzukulutudzi, kenako muwerenge. Funsani mwakachetechete ngati pali ana a kunjira amene agogo ankawadziwa ndi kuwalandira. Ndipo musasiye ana amene anawalera osakhala obereka okha. Agogo ambiri analera ana amasiye a abale awo m'zaka zimene Edzi inkatenga anthu motsatizana, ndipo mwana amene anakulira pa nsima yawo akamva kuti sanawerengedwe, bala lake silipola.

Za matenda, mawu oti "atadwala kwa nthawi yaitali" kapena "yochepa" ndi okwanira, pokhapokha banja litagwirizana kutchula zambiri.

Pa tsikuli olankhula ndi ambiri, amfumu, a mpingo, a chipani, owerenga chipepeso, choncho mbiri isapitirire mphindi zisanu, tsamba limodzi ndi theka lolemba pamanja. Koma m'mphindi zimenezo sungani ziganizo zitatu kapena zinayi za ntchito yawo. Dzukani mupite pamene agona amayi a pamsika ndi a kumpingo, mugwade, mufunse kuti malemu geni anayamba liti, ankagulitsa chiyani, ndipo anali ndi udindo wanji. Adzakuyankhani mosachedwa, ndipo adzakondwa kuti mwawafunsa.

Asanagawe zovala, tetezani mapepala ndi foni

Maliro akaikidwa pamabwera kusesa ndi kugawa zovala, ndipo pamenepa m'pamene mbiri yambiri imapsa pamoto pamodzi ndi zinyalala. Pemphani mwinimbumba kuti pepala lililonse liikidwe pambali. Yang'anani mu sutikesi, m'chitini, pansi pa matiresi, m'kati mwa Baibulo ndi buku la nyimbo. Mukufuna makope a ngongole, malisiti a msonkho wa pamsika, mabuku a kubanki, ziphaso za maphunziro a bizinesi, makalata, mapasipoti akale. Pasipoti yakale ya mayi wa geni yodutsa malire ili ndi zidindo za pa Songwe, pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Mchinji, chilichonse ndi tsiku lake, ndipo zimakuuzani zaka zimene ankayenda popanda kufunsa munthu.

Kope la ngongole ndilo la mtengo wapatali koposa. Limakhala lakuda m'makona, lonunkha nsomba kapena sopo, masamba ena atathothoka. M'katimo muli mayina olembedwa mmene iwo ankawadziwira anthuwo, "aphunzitsi a kuseri", "amake mapasa", ndi mitengo ya zaka zosiyanasiyana. Muonamo mizere yokhwatchidwa popanda ndalama yolembedwa pambali, kusonyeza ngongole zimene anangokhululuka. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, koma mayina a angongole asalowe mu mbiri.

Foni yawo isapatsidwe kwa mwana msanga. Sungani kaye zithunzi ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp, muwatumize kwa anthu awiri kapena atatu. Mawu a agogo akukalipira mdzukulu kuti sanaimbe foni, patapita zaka zisanu adzakhala chuma. Ngati mu Airtel Money kapena Mpamba muli ndalama, pitani ku ofesi ya kampaniyo ndi kalata ya imfa. Musayese kungolota manambala achinsinsi.

Pali chinthu china chosachedwetsa. Ngati malemu ankasunga ndalama za gulu, kaya banki m'khonde, chiperegani kapena thumba la amayi a kumpingo, ndalama zimenezo si za banja. Bokosi la banki m'khonde limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu ena atatu, choncho itanani a komiti adzalitenge pamaso pa mboni, pakhale ndi kusainirana. Mbiri yabwino ya zaka makumi atatu imatha kuonongeka ndi mdzukulu mmodzi amene "anabwereka" m'bokosi nthawi ya maliro. Za katundu wa malemu, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda, ndipo pakavuta ofesi ya DC kapena ya Administrator General ndiyo yopitako. Wolemba mbiri asasanduke woweruza za nyumba ndi chigayo. Mukalowerera, theka la banja lisiya kukuuzani zinthu.

Pitani kumsika

Pakatha milungu ingapo, misozi itaphwa pang'ono, nyamukani ndi kope ndi foni mupite kumene ankagulitsira. Gawo ili ndi limene anthu ambiri amalidumpha, chonsecho theka la moyo wa agogo linathera pa benchi imeneyo, ndipo ana awo enieni sadziwa zimene zinkachitika kumeneko. Iwo ankangoona fizi yalipiridwa.

Musafike m'mawa pamene akupikulitsana katundu, kapena madzulo pamene makasitomala achuluka. Nthawi yabwino ndi masana, dzuwa litapendeka pang'ono. Yambani mwaonana ndi wapampando wa msika kapena wa chigawo chimene ankagulitsa. Mawu oyambira ndi osavuta: "Amayi, ine ndine mdzukulu wa aNauje. Ndabwera kudzathokoza kuti munatiperekeza, komanso ndili ndi kapempho." Gulani kanthu, khalani pa thumba kapena pa chidebe chimene akupatsani, ndipo kasitomala akabwera khalani chete agulitse kaye. Ngati mukufuna kujambula mawu, pemphani, ndipo wokana musamukakamize.

Funso loti "anali munthu wotani?" limabala yankho limodzi, "anali wabwino". Funsani zinthu zogwirika. Mpamba woyamba unachokera kuti? Ena anagulitsa mbuzi, ena anayamba ndi mandasi a ufa wa ngongole, ena ndi ndalama imene bambo anatumiza kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anayamba ndi katundu wanji, ndipo anasintha liti? Ankaoda kuti? Yankho la funso limeneli limakupatsani mapu a moyo wawo: kachewere wa ku Tsangano, kabichi ndi tomato wa pa Lizulu, nyemba za ku Jenda, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, usipa wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, matemba a ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, zitenje za ku Kyela kapena ku Dar es Salaam, mabulangete a ku Johannesburg. Ankayenda bwanji? Pa sitima ya ku Nayuchi, pamwamba pa matumba m'lole, pa basi yausiku? Ankagona kuti akafika? Ndalama ankamanga pati?

Funso lofunika kwambiri ndi lakuti geni inagwa liti, ndipo anadzuka bwanji. Palibe mayi wa geni amene sanagwepo. Wina katundu analandidwa pa chipata, wina belo la kaunjika linatuluka nsanza zokhazokha, wina msika unapsa, wina anabedwa m'basi. Wogulitsa matemba a ku Chilwa amakumbukira 1995 pamene nyanjayo inauma. Wa chimanga amakumbukira njala ya 2002. Wooda katundu kunja amakumbukira kugwa kwa kwacha mu 2012, kapena mu Novembala 2023 pamene inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mpamba wogula mabelo atatu n'kukwanira awiri okha. Zaka zimenezi muzizitchula inuyo pofunsa, chifukwa zimatsegula kukumbukira: "Nthawi ya njala ija, agogo ankagulitsa chiyani?" Mungamve kuti anasiya phindu n'kumapatsa anthu gaga pa ngongole, kapena mungamve kuti anagula njinga ndi mbuzi za anthu motchipa. Zonse ziwiri zimachitika, lembani zimene mwamva, zosankha zibwera pambuyo.

Funsaninso ngati anatengapo ngongole ku mabungwe. Amayi ambiri a m'zaka za m'ma 1990 anadutsa ku NABW, bungwe la amayi a bizinesi limene anayambitsa Joyce Banda, ena ku FINCA, ena pambuyo pake ku MARDEF. Ngati ankatsogolera kagulu ka ngongole, pali anzawo amene akukumbukira mmene ankathamangitsirana tsiku lobweza.

Ndalama zakale zimasokoneza. Mukalemba kuti anayamba ndi K20, mdzukulu wa lero aseka, chifukwa ndalama imeneyo sigula ngakhale switi. Funsani kuti nthawi imeneyo inkagula chiyani, matumba angati a chimanga, kapena inali malipiro a miyezi ingati a munthu wa pa esiteti, ndipo mulembe zonse ziwiri.

Pomaliza funsani kuti ndani anaphunzira geni kwa iwo. Adzakulozerani mayi wa benchi yachitatu amene anafika pamsika ali wamasiye wopanda kanthu, agogo n'kumupatsa beseni la tomato kuti adzabweze akagulitsa. Ameneyo mukhale naye nthawi yaitali. Musaiwale anyamata onyamula katundu, a kabaza ndi makondakitala. Iwo amadziwa ngati munthu ankalipira bwino kapena ayi, ndipo sabisa.

Mukafika kunyumba, tsiku lomwelo, lembani m'kope dzina la amene munacheza naye, tsiku, ndi mfundo zake. Mukadikira sabata, nkhani za anthu atatu zidzasakanikirana.

Kumpingo, kwa amfumu ndi kumakomiti

Apa ntchito imapepuka chifukwa magulu amasunga mabuku. Ngati anali wa CCAP, pitani kwa mlembi wa Mvano ku Sinodi ya Blantyre, Chigwirizano ku Nkhoma, kapena Umanyano ku Livingstonia. Kwa Akatolika yambani ku mphakati ndi ku bungwe la amayi, kwa a Seventh-day Adventist ndi amayi a Dorika, kwa a Anglican ndi Mothers' Union, kwa Asilamu ndi amayi a dawa ndi shehe wa pa mzikiti. Pemphani kuona chaka chimene analowa, maudindo amene anagwira ndi zaka zake. Chitani chimodzimodzi ku komiti ya sukulu, ya mjigo, ya chitukuko cha m'mudzi, ya sukulu ya mkombaphala. Kwa amfumu musapite chimanjamanja, ndipo mupite ndi wamkulu wa m'banja.

Koma mndandanda wa maudindo wokha ndi wouma. Pa gulu lililonse funsani chinthu chimodzi chimene chinachitika chifukwa cha iwo. Mwina ndi iwo anayenda khomo ndi khomo kutolera ndalama zokonzera mjigo utafa miyezi itatu. Mwina anatsogolera amayi kutuntha mchenga ndi kuumba njerwa za buloko ya sukulu pamene ana anachuluka sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994. Mwina anakana pamaso pa amfumu kuti dzina la munthu wolemera lilowe pa mndandanda wa makuponi. Nkhani imodzi yotere imaposa maudindo khumi.

Ngati anali namkungwi, mzamba kapena wolangiza mabanja, anthu adzakuuzani zinthu zimene si zanu. Lembani kuti analangiza ndi kuyanjanitsa mabanja ambiri, mayina ayi. Ngati anavinapo monga mbumba nthawi ya chipani chimodzi kapena anali mu CCAM, bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, musafufute. Amayi ambiri a nthawi imeneyo anadutsamo, ena mokonda ena mokakamizidwa, ndipo ndi mbali ya moyo wawo mofanana ndi mmene anavotera pa riferendamu ya 1993.

Zidzukulu

Tsegulani gulu la WhatsApp, koma musalembe kuti "aliyense atumize zimene akukumbukira", chifukwa mudzalandira zithunzi za makandulo ndi mitima basi. Tumizani funso limodzi pa sabata, ndipo ayankhe ndi mawu. Agogo ankati chiyani akakwiya? Unadya chiyani kwawo chimene sunadyenso kwina? Anakupatsa chiyani mobisa, makolo ako osadziwa? Nthano yawo imene ankaibwereza inali iti, ndipo nyimbo yake ikuti bwanji? Amene ali ku South Africa, ku UK kapena kwina, amene maliro anangowaonera pa foni, ndi amene amatumiza zambiri, chifukwa sanapeze polirira.

Ana aang'ono afunseni paokha, akuluakulu palibe.

Za kuphika zimafuna changu. Ngati chigumu chawo, futali kapena nkhwani wotendera zinali zodziwika, pezani amene ankaphika nawo, kawirikawiri mpongozi kapena mtsikana amene ankawathandiza, muphike limodzi. Iye akatapa ndi dzanja, inu thirani mu kapu muyeze, mulembe. Patsamba limodzi la kabuku ka chikumbutso pakhale zimenezi.

Kulemba

Tsatirani zaka, kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, chifukwa omvera pa chiliza amatsata mosavuta. Koma malo aakulu apite kumene moyo wawo unali. Ngati anakhala zaka 40 pamsika, ubwana wawo usatenge masamba atatu geni n'kutenga ndime imodzi. Lembani m'chilankhulo chimene iwo ankalankhula, mwaulemu wake, ndipo Chingerezi chikhale cha kumapeto ngati pali zidzukulu zosamva Chichewa.

Pewani mawu amene amanenedwa pa maliro alionse: mtengo waukulu wagwa, anali mayi wa aliyense, asiya dzenje losakwiririka. Si abodza, koma akhoza kunenedwa za munthu wina aliyense. Yerekezani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Malemu anali mayi wolimbikira pa bizinesi ndipo ankakonda maphunziro." Chachiwiri: "Lachinayi lililonse ankadzuka tambala woyamba asanalire kukakwera lole ya ku nyanja, n'kubwera Loweruka ndi madengu a usipa. Ndalama ya dengu loyamba sinkalowa m'nyumba, inkapita m'chitini cha fizi, ndipo ngakhale bambo ankadziwa kuti chitini chimenecho sachikhudza." Chachiwiricho amayi a pamsika akachimva amagwedeza mitu, ndipo mdzukulu amene sanawaonepo amawaona.

Mawu amene ankakonda kunena alembeni mmene ankawanenera, ngakhale akhale okalipa. Anthu akaseka pang'ono pa chiliza si mwano.

Nanga zovuta? Mayi amene anayendetsa geni zaka zambiri sanali wofewa nthawi zonse. Mwina ankakongoza katapila, mwina mpamba woyamba unachokera ku kachasu, mwina panali banja loyamba limene silitchulidwa, mwina panali mkazi mnzawo, mwina anakondera mwana wina. Maganizo anga ndi akuti musaname, komanso musaulule chimene chingapweteke munthu wamoyo amene sangathe kudziyankhira pa tsikulo. Kachasu amene anaphunzitsa ana ndi wotchulika ngati ana akewo avomera, ngakhale a mpingo angakwinye nkhope. Kuuma mtima pa ngongole mukhoza kukunena moona: "pa ndalama sankaseka ndi munthu, ngakhale mwana wawo." Aliyense amene anawadziwa adzazindikira kuti mbiriyo ndi yoona, ndipo adzakhulupirira zabwino zimene mwalembazo. Koma mkangano wa malo umene ukadali kwa amfumu, kapena nkhani ya bambo wake weniweni wa uje, zisiyeni m'kope lanu.

Mukamaliza, kawerengereni akuluakulu mokweza, mbali zonse ziwiri za banja, makamaka amene sadziwa kuwerenga, chifukwa ndi amene amakumbukira bwino. Anthu awiri akasiyana pa chaka kapena pa malo, funsani wachitatu. Zikakanika, lembani kuti ena akuti chakuti, ena akuti chakuti. Musasankhe mbali chifukwa choti wina ndi amene wapereka ndalama zambiri za chiliza.

Zithunzi, kabuku ndi mwala

Zithunzi zakale zili m'manyumba a abale, ndipo eni ake sakonda kubwereketsa chifukwa sizibwerera. Pitani komweko muzijambule ndi foni, panja pamthunzi, chithunzi chitagona pa tebulo, popanda kuwala kwa foni. Funsani mayina a onse amene ali pa chithunzicho nthawi yomweyo. Yesetsani kupeza chimodzi ali pa ntchito, pa benchi kapena pa golosale, ndi china atavala yunifolomu ya kumpingo. Chithunzi cha masiku odwala, ataonda, chisakhale pachikuto.

Kabuku ka masamba 8 kapena 12 n'kokwanira. Osindikiza amapinda mapepala pakati, choncho masamba amayenda anayianayi. Pemphani akusindikizireni kamodzi kaye, muwerenge, wina awerengenso, kenako asindikize onse. Pa mwala wa chiliza chenjerani koposa, chifukwa chozokotedwa sichifufutika. Lembani mayina ndi masiku pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, mwinimbumba aone, ndipo mukaone mwalawo asanaunyamule. Dzina lawo lobadwa nalo ndi mfunda zikhalepo, osati la amuna awo lokha.

Ziliza zambiri zimamangidwa m'chilimwe, anthu atakolola, misewu ikupitika. Kumanda sikulowedwa popanda amfumu ndi adzukulu a kumanda, choncho tsiku likhazikitsidwe iwo atavomera. Abale achisilamu amene maliro amaika mwamsanga angathe kuwerenga mbiri yaitali pa sadaka, atafunsa kaye kwa shehe.

Pa ndalama, sankhani msungichuma mmodzi ndipo aziika pa gulu zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Mabanja ambiri amathira ndalama zochuluka pa nsalu ndi malaya osindikiza nkhope ya malemu, kabuku n'kusowa ndalama. Malaya amenewo pakatha chaka amakhala akulimira kudimba. Ngati thumba lachepa, chepetsani malaya. Ndipo ngati pali mdzukulu amene agogo ankamulipirira sukulu, fizi yake ikambidwe pa msonkhano womwewo, isanakambidwe ng'ombe yophera alendo.

Tsiku lenilenilo

Wowerenga akhale wa mawu omveka, amene wayeserera kawiri kunyumba, ndipo pakhale wina pambali woti apitirize ngati woyambayo atsamwa ndi misozi. Mphindi 15 zisapitirire. Zotsalazo anthu akawerenga m'kabuku. Pa pulogalamu ikanipo mayi mmodzi wa pamsika ndi mmodzi wa gulu limene ankatsogolera kuti alankhule okha, ndipo muwauze kukadali milungu iwiri, muwatumizirenso thiransipoti. Woyendetsa mwambo auzidwe kuti nthawi ikachepa, odulidwa asakhale amenewa.

Khomo lililonse la ana a malemu lilandire kabuku, kenako mpingo, amfumu ndi wapampando wa msika. Tumizaninso pa foni kwa onse a kunja, ndipo mawu amene munajambula muwasunge malo awiri osiyana, dzina la wolankhula ndi chaka zitalembedwa pa fayilo iliyonse.

Mukhale ndi mdzukulu mmodzi amene tsiku limenelo sakuphika kapena kugawa chakudya, ntchito yake ndi kope ndi foni basi. Mbiri ikangowerengedwa, nthawi ya nsima anthu amayamba kubwera okha: wina kudzakonza chaka, wina kudzanena kuti ulendo woyamba wa ku Kyela anapita limodzi, wina amene simunamuonepo kudzaulula kuti agogo anamulipirira mayeso a Fomu 4. Mdzukuluyo alembe dzina, mudzi ndi nambala ya foni ya aliyense, ndipo muwaimbire mwezi usanathe.